GALIMOTO IGONE PATI: M'GALAJA KAPENA M'CHISAKASA?

Aliyense amene amayenda m'madera a nyumba zazikulu mu Lilongwe, Blantyre, Zomba kapena Mzuzu adaonapo chinthu chimodzi chodabwitsa. Nyumba ili ndi galaja ya makoma olimba ndi chitseko chachitsulo, koma galimoto ya mwini nyumbayo ikugona panja, pansi pa mtengo wa mango. M'galajamo mwadzaza matumba a chimanga, mipando yothyoka ndi makasu. Kwina muli nkhuku, kwina mukugona mnyamata wa kumudzi amene adabwera kudzafuna ntchito.

Galaja imene ikunenedwa pano si ija ya amakanika ai, koma chipinda chosungiramo galimoto pakhomo. Chisakasa ndiye denga la malata lokhala pa nsanamira, lopanda makoma, limene ena amangoti shedi. Funso la amene akumanga nyumba masiku ano ndi lakuti: pa ziŵirizi, choyenera kutayirapo ndalama n'chiti?

Mwambo wa galaja udachokera ku maiko ozizira monga Britain ndi Canada, kumene chipale chimakwirira galimoto usiku ndipo injini imavuta kulira m'maŵa. Kuno ku Malaŵi adani a galimoto ndi ena. Pali dzuŵa la mwezi wa Okutobala limene limasuluka penti ndi kung'amba mipando, mvula ya kuyambira Novembala kufikira Epulo, matalala, zitosi za mbalame ndi zipatso zogwa m'mitengo. Zonsezi zimachokera kumwamba, ndipo denga lokha limazitchinga mokwanira.

Tsono pa nkhani ya mtengo, walira mvula walira matope. Wofuna galaja ayenera kukumba maziko, kugula njerwa kapena mabuloko, simenti, mchenga ndi chitseko chachikulu, kenaka kulipira mmisiri kwa masabata angapo. Chichokereni mu Novembala chaka cha 2023, pamene mphamvu ya Kwacha idachepetsedwa ndi 44 pa 100 aliyense, zipangizo zomangira zidakwera mtengo kotero kuti mabanja ambiri adasiya nyumba zao pa mawindo. Si chanzeru kuti galimoto ikhale ndi chipinda chopaka pulasitala pamene ana akugona m'chipinda chopanda siling'i. Palinso nkhani ya mitengo: khoma lililonse la njerwa zootcha limadya nkhuni, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 Boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zotere pa zomangamanga zikuluzikulu.

Komabe okonda galaja ali ndi mfundo imodzi yosayenera kuinyoza, ndiyo ya akuba. Mbala za usiku sizichita kutenga galimoto yonse. Zimangochotsa batire, magalasi a m'mbali ndi nyali, kapena kupopa mafuta m'thanki. Pakhomo popanda mpanda, makamaka pamene msewu wadutsa pafupi, chisakasa sichingaletse zimenezi, ndipo pamenepo galaja yokhoma ndi loko ili ndi phindu lenileni. Koma mwini nyumba ayambe waŵerengera bwino. Ndalama za galaja zikhoza kumanga gawo lalikulu la mpanda ndi geti, zimene zimateteza galimoto pamodzi ndi nyumba, ana, ziŵeto ndi zovala za pachingwe.

Chinanso chimene ambiri amaiŵala ndi utsi. Injini ikamalira m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya woipa wopanda fungo ndi wosaoneka, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba nthaŵi yozizira. Galaja yokhala ndi khomo loloŵera kukhitchini imauloŵetsa mpweyawo m'nyumba momwe. Ndipo mafuta akasoŵa m'dziko, ena amasungiramo zigubu za petulo, pafupi ndi mawaya a magetsi. M'chisakasa mphepo imapita mbali zonse, ndipo ngozi zotere zimachepa.

Izi sizitanthauza kuti chisakasa chingangoimikidwa mwachisawawa. Mvula zoyamba zimabwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo denga lopanda makoma limanyamulidwa mosavuta. Malata ouluka avulazapo anthu ndi kuyambanitsa anansi. Nsanamira zikhale za mapaipi achitsulo ozikidwa m'konkire, popeza milimo ya bulugamu chiswe sichichedwa kuidya. Denga lipendekeke kuti madzi agwere m'ngalande ya pakhomo pomwepo, osati m'poloti ya mnansi, ndipo wokhala mumzinda ayambe wakaonetsa mapulani ake ku khonsolo asanagule ngakhale lata limodzi. Ngati m'tsogolo ndalama zapezeka, makoma akhoza kudzamangidwa pakati pa nsanamira zomwezo, malinga mmisiri adasiya malo okwanira kuti zitseko za galimoto zitseguke mbali zonse ziŵiri.