Mliri udaonetsa kuti Malawi sangapume popanda Mozambique

Chaka cha 2020 sichidzaiwalika kwa anthu a m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba. Pa 1 Epulo boma la Mozambique lidayamba kutsata malamulo a nthawi ya ngozi kaamba ka mliri wa Covid-19, ndipo kuwoloka malire kudavuta. Alimi ogulitsa chimanga ndi nyemba ku Chiponde adasowa msika, abale a mbali ziwirizi adalephera kuyenderana ngakhale pamaliro.

Kutsidya nako kudali chipwirikiti cha ndale. Pa 3 Febuluwale khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo pa 23 Juni a Lazarus Chakwera adagonjetsa a Peter Mutharika.

M'mwezi wa Okutobala, mliri ukadalipo, a Chakwera adapita ku Songo m'chigawo cha Tete kukakumana ndi Pulezidenti Filipe Nyusi. Chifukwa chake n'chosabisika. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Mafuta ndi feteleza wambiri amalowera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo njanji ya ku Nacala imadutsa pa Cuamba ndi Entre Lagos. Ngakhale zilumba za Likoma ndi Chizumulu zili m'kati mwa madzi a Mozambique. Dziko lotere silingakangane ndi mnansi wake.

Mu 2025 a Daniel Chapo adalowa m'malo mwa a Nyusi, a Mutharika nkubwereranso pampando ku Malawi. Atsogoleri asintha, koma funso la mlimi wa ku Mandimba likadali lomwelo: mliri wina ukadzabuka, kodi malire adzatsekulidwira sitima ndi malole okha, wa njinga ya chimanga nkutsala?