CHENJEZO: Mwera ukayamba, opalasa kayaki musadalire kuzolowera

Kwa nonse otsogolera alendo ndi opalasa mabwato a kayaki ku Cape Maclear, Senga Bay, Nkhata Bay ndi magombe ena a nyanja ya Malawi: mwera ukayamba, umakhala ukuwomba mpaka cha mu Ogasiti.

Mlendo wogwira nkhafi koyamba sititaya naye tulo kwenikweni. Mantha amamuteteza, jekete yoyandamitsa amaimanga mpaka lamba womaliza. Nkhawa yathu ili pa inu akadaulo, amene mwapalasa kosawerengeka kuchoka ku Chembe, ku Cape Maclear, kupita ku chilumba cha Domwe kapena cha Mumbo, mpaka nyanja mwayamba kuiona ngati bwalo la pakhomo panu.

Timakuonani. Jekete mwaikhalira ngati khushoni, akuti kukutentha. Foni ili m'thumba la kabudula, momwe funde loyamba likaiphe. Kumtunda simunauze munthu komwe mukupita kapena nthawi yobwerera. Mukafunsidwa mumati, "Ife tinabadwira pano."

Gombe la Chembe limanyenga. Mwera umachokera kummwera chakummawa, ndiye mapiri amautchinga, madzi a pagombe n'kumaoneka bata. Koma mukangotuluka pamthunzi wa mapiriwo, mphepo imakupezani kumsana n'kumakukankhirani pakati pa nyanja. Popita zimakoma, bwato limathamanga lokha. Pobwerera mpamene mlendo wanu manja amalema, ndipo ku Mumbo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Kayaki ikagudubuka pamafunde otero, mphepo imaithawitsa mwaliwiro loposa kusambira kwa munthu. Ngati simunavale jekete, mumugwira ndi dzanja liti mwana wa eni akeyo?

Nyanja yathuyi inamiza sitima ya Vipya mu Julaye 1946, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Ku Chile, mu Disembala 2015, Douglas Tompkins, amene anayambitsa kampani ya The North Face, munthu amene anapalasa kayaki kwa zaka zambirimbiri, anamwalira mafunde atagubuduza bwato lake pa nyanja ya General Carrera. Anamupha ndi madzi ozizira koopsa. Kwathu kuno madzi ndi ofunda, inde, koma kutopa ndi mdima zimamiza munthu chimodzimodzi.

Chonde abale, wokutsina khutu ndi mnansi. Musanakankhire bwato m'madzi, mverani uthenga wa a Nthambi Yoona za Nyengo, ndipo akachenjeza za mwera, ulendo ulephereke, ngakhale mlendo atalipira kale n'kumanyinyirika. Funsaninso asodzi, mukaona mabwato awo onse ali pamchenga, musadzione ngati wochenjera kuposa iwo. Jekete ivalidwe ndi aliyense, kuyambira inu mtsogoleri. Tengani chingwe chokokera mnzanu, wenzulo, tochi, ndi foni yokulunga m'thumba losalowa madzi. Musapalase bwato limodzi lokha kupita kuzilumba. Ndipo wotsala kumtunda adziwe ola loti akapanda kukuonani, autse boti la injini nthawi yomweyo, dzuwa lisanalowe.