Kangal ndi galu wa kubusa, nanga mumpanda wa m'tauni akatanimo?

Amene mumakhalitsa pa TikTok ndi Facebook mwamuonapo. Chigalu chotuwa, chakuda kukamwa, chitaimirira ndi miyendo iwiri n'kumuposa mwiniwake msinkhu. Pansi pa kanemayo amalembapo kuti uyu ndiye galu woluma kwambiri padziko lonse, ndipo nambala yomwe amakonda kutchula ndi 743 PSI. Nambalayi anthu amangopatsirana pa intaneti ngati uthenga wa pa gulu la WhatsApp. Ineyo sindiiwerengera, chifukwa palibe mlimi amene adapulumutsa mbuzi zake ndi nambala.

Dzina la galuyu ndi Kangal. Kuno tidazolowera boerboel, rottweiler ndi German shepherd, ndipo ana a agalu amenewa amatsatsidwa pafoni tsiku ndi tsiku. Makanemawa akuchititsa kuti achinyamata ena ayambe kufunsa kuti kodi Kangal angamupeze kuti, ndipo ndi ndalama zingati. Funso lomwe sindikulimva ndi lakuti galuyu ntchito yake n'chiyani.

Kwawo ndi ku Turkey, m'chigawo cha Sivas, komwe kuli boma lotchedwa Kangal. Ndi dera lokwera, lozizira koopsa nthawi yachisanu, lotentha komanso louma nthawi yachilimwe. Kumeneko abusa akhala akuweta agaluwa kwa zaka mazanamazana kuti aziteteza nkhosa ku mimbulu, ndipo ena amawaveka kolala yazisongazisonga kuti mmbulu usawagwire pakhosi. Wamwamuna amalemera makilogalamu 50 mpaka 60, kunena kwake thumba lathunthu la chimanga ndi kapamwamba. Anthu a ku Turkey amamunyadira ngati chuma cha fuko, moti boma lawo lidakhwimitsa malamulo otulutsira agaluwa kunja. Mu 2018 bungwe la FCI, lomwe limalemba mitundu ya agalu padziko lonse, lidasintha dzina m'kaundula wake kuchoka pa Anatolian Shepherd n'kukhala Kangal Shepherd Dog. N'chifukwa chake mayina awiriwa mumawamva akusinthanasinthana, ndipo oweta ena amakanganabe ngati ali galu mmodzi kapena awiri.

Galu wolondera ziweto amasiyana ndi uja wokusa nkhosa yemwe amathamangathamanga mbusa akamuimbira likhweru. Kangal sakusa. Amayenda pakati pa ziweto, zikagona naye amagona, ndipo akanunkhiza chilombo amauwa ndi mawu aakulu n'kuima pakati pa chilombocho ndi ziwetozo. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Chilombo chimadziwa kuti chikavulala sichisakanso, ndiye chimangotembenuka. Zomenyana zija mumaonera m'makanema ndi gawo laling'ono kwambiri la moyo wa galuyu. Gawo lalikulu ndi kudikira, usana ndi usiku, popanda womuuza chochita.

Kuti tione momwe zimayendera mu Africa muno, sitifunika kupita ku Turkey. Ku Namibia, pafupi ndi tauni ya Otjiwarongo, kuli bungwe la Cheetah Conservation Fund lomwe adayambitsa ndi Dr Laurie Marker mu 1990. Cholinga chawo ndi kuteteza akakwiyo, nyama zaliwiro zija ambirife timangoti cheetah. Padziko lonse zatsala pafupifupi 7,000 zokha, ndipo ku Namibia zambiri zimakhala m'mafamu, kunja kwa malo otetezedwa. Alimi ankazipha chifukwa zinkawagwirira mbuzi ndi nkhosa. Mu 1994 bungweli lidayamba kuweta agalu a Anatolian, kenako Kangal, n'kumawapereka kwa alimi. Pofika pano lapereka agalu oposa 600, ndipo alimi ambiri amene adalandira amanena kuti ziweto zogwidwa ndi zilombo zidachepa ndi 80 peresenti kapena kuposa apo. Ku South Africa bungwe la Cheetah Outreach lidatengera njira yomweyi mu 2005, ndipo mu 2013 agalu ena ochokera ku Namibia adapita ku Tanzania, kufupi ndi nkhalango ya Ruaha.

Ndiye galuyu amagwiradi ntchito, palibe zokayikitsa. Koma taonani momwe amamukonzera. Ana agalu amabadwira pakhola, pomwe fungo loyamba kulimva ndi la mbuzi. Akakwanitsa miyezi iwiri kapena itatu amapita kwa mlimi, ndipo sapita kukhonde. Amakalowa m'khola, kukagona ndi ana ambuzi, kudyera pomwepo. Iyi ndi nthawi yomwe kamwana ka galu kamaphunzira kuti abale ake ndi ndani, ndipo ikadutsa siibwereranso. Ana apakhomo saloledwa kumusandutsa choseweretsa, ngakhale ayenera kuzolowera mbusa kuti athe kumugwira pomubaya katemera kapena pomuchotsa nkhupakupa. Akayamba zachibwana zothamangitsa timbuzi kapena kutiluma makutu, mbusa amamudzudzula nthawi yomweyo. Bungwe la ku Namibia lija limawafula agaluwa lisanawapereke, ndipo limayendera mafamu kukaona ngati akudya bwino komanso ngati akutsatadi ziweto. Galu wosamalidwa molakwika amatha kumulanda.

Akatswiri awiri a ku America, Raymond ndi Lorna Coppinger, omwe adafufuza za agalu otere kuyambira m'zaka za m'ma 1970, adati galu wolondera ziweto amayesedwa pa zinthu zitatu: akhale wodalirika kuti sapweteka chiweto, akhale wosachoka pomwe pali ziweto, ndipo akhale woteteza. Mwa zitatuzi, chomwe chimagulitsa pa TikTok ndi chomaliza chokha. Ziwiri zoyambazo zimatenga chaka, mwinanso ziwiri, chifukwa agalu akuluakulu amachedwa kukhwima nzeru ngakhale thupi litakula kale.

Tsopano tengani galu yemweyo mumuike mumpanda wa njerwa ku Area 25 kapena ku Chilomoni, pa puloti yomwe galimoto imodzi ikalowa malo atha. Galu amene magazi ake amamuuza kuti ayende makilomita angapo patsiku, azilondera dera lalikulu, aziuwa usiku, azisankha yekha kuti mdani ndi uti. Mulibe mbuzi. Masana ali pa tcheni kapena m'kakhola ka malata kotentha ngati uvuni, ubweya wake uli wa kuchisanu cha ku Sivas. Usiku amasulidwa. Adzapeza yekha choteteza, ndipo adzasankha yekha mdani: wowerenga mita, mnyamata wogulitsa makala, mwana wa aneba wolowa kudzatola mpira. Mtundu umenewu umadziwika kuti ndi wofatsa kwa anthu apakhomo pake, inde. Koma galu wa makilogalamu 55 akalakwitsa kamodzi, nkhani yake imakathera kuchipatala kapena kupolisi. Dziko la Denmark mu 2010 lidaletsa mitundu 13 ya agalu, ndipo Kangal ali pamndandandawo limodzi ndi boerboel. Mukhoza kutsutsa kuti kuletsa mtundu wonse n'kulakwa, ndipo ine ndimaona kuti mlandu waukulu umakhala wa mwini galu, koma mndandandawo ukusonyeza kuti maiko ena galuyu samutenga mwachibwana.

Nkhani ya kugula ndiye ili ndi dzenje lake. Galu akakhala wosowa, mtengo umakwera, ndipo mtengo ukakwera akamberembere amatulukira. Kamwana ka galu ka milungu isanu ndi umodzi, kotuwa, kakuda kukamwa, kakhoza kukhala chilichonse. Ka boerboel wosakanizika kamaonekanso choncho pachithunzi. Poti ku Turkey kutulutsa agaluwa n'kovuta, aliyense wokuuzani kuti wake "wangotsika kumene pandege kuchokera ku Istanbul" akuyenera kukuonetsani mapepala, kuphatikizapo chilolezo cholowetsera nyama m'dziko muno kuchokera ku nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto. Woweta weniweni amakulolani kuona mayi wa tianato, ndipo ngati n'kotheka bambo wake. Amakuonetsani khadi la katemera losainidwa ndi dokotala wa ziweto. Sakupatsani kamwana kasanakwane milungu isanu ndi itatu. Ndipo amakufunsani mafunso inuyo: muli ndi malo aakulu bwanji, muli ndi ziweto zanji, masana pakhomo pamakhala ndani. Wogulitsa amene funso lake ndi limodzi, lakuti mutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ameneyo akugulitsa chithunzi.

Palinso vuto lomwe silioneka pa kamwana. Mtundu ukakhala ndi agalu ochepa m'dziko, oweta aulesi amangokweretsa pachibale, m'bale ndi mlongo wake, bambo ndi mwana wake, kuti tiana tituluke msanga. Zotsatira zake zimadzaoneka patatha chaka: chiuno chopindika chomwe agalu akuluakulu amavutika nacho kale, mantha opanda chifukwa, ukali wosadziwika mutu wake. Pofika nthawi imeneyo nambala ya wogulitsa uja siikupezekanso.

Za chakudya ndisachulutse. Galu wamkulu chonchi thumba la makilogalamu 20 la chakudya cha m'sitolo amalimaliza pafupifupi pamwezi, ndipo mitengo ya zinthu zochokera kunja mukuidziwa nokha momwe ikuyendera ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Abusa a ku Turkey ali ndi phala lawo la ufa wa barele lomwe amalitcha yal, choncho nsima kapena phala la mgaiwa si zachilendo kwa galuyu, koma mwana amene akukula mafupa sangakule ndi nsima yokha. Pamafunika zomanga thupi tsiku lililonse. Onjezanipo katemera wa parvo akadali wamng'ono, wa chiwewe akakwana miyezi itatu ndi kubwereza pambuyo pake, mankhwala a njoka zam'mimba, ndi a nkhupakupa. Za chiwewe si zoseweretsa kuno. Bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu mu Blantyre mu 2015 chifukwa ana ankafa ndi matendawa pa chipatala cha Queens.

Nanga mlimi weniweni, wa mbuzi zake makumi atatu ku Ntcheu, ku Salima kapena ku Chikwawa, yemwe fisi amamuvutitsa? Apa ndiye pali nkhani yomwe ndikadakonda ikadafala pafoni kuposa ya 743 ija. Ku Botswana, bungwe la Cheetah Conservation Botswana lomwe limagwira ntchito kudera la Ghanzi lidasankha kugwiritsa ntchito agalu achikuda, omwe kumeneko amawatcha Tswana. Ndi agalu ngati omwe timawaona m'midzi mwathumu, owonda, amakutu oima, omwe timawagenda akayandikira pamphika. Amawalera mwanjira yomweyo, m'khola kuyambira ali aang'ono. Kafukufuku wa bungweli adapeza kuti agalu achikudawa amachepetsadi kugwidwa kwa ziweto, ndi otsika mtengo kuwapeza ndi kuwadyetsa, amapirira kutentha, ndipo khalidwe lawo pakati pa ziweto lidali labwino kuposa la agalu obwera aja. Kwa ine apa mpomwe pagona nkhani: chomwe chimateteza mbuzi kwambiri ndi kaleredwe, ndipo kaleredweko sikafuna ndalama zakunja.

Sindikunena kuti zikhoza kungokopedwa momwe zilili. Famu ya ku Namibia ndi mahekitala masauzande, ya mwini mmodzi, anthu odutsa ndi ochepa. Kwathu mbuzi zimamangidwa pachingwe nthawi yadzinja kuopa minda ya eni, ndipo chilimwe zimangoyendayenda m'mudzi monse, kusakanikirana ndi za anthu ena, kudutsa pamjigo, pasukulu, pamsika. Kangal atati aziteteza gulu lotere moona mtima, mfumu ingatope ndi milandu. Komanso mdani wamkulu wa mbuzi m'madera ambiri amayenda ndi miyendo iwiri. Wakuba amadziwa kuti galu, kaya ndi wa ndalama zingati, amafa ndi kanyama kothira tameki. Ndipo fisi si kakwiyo. Kakwiyo ndi wamantha, amasaka masana, amathawa akauwidwa. Afisi amabwera usiku, nthawi zina angapo, ndipo galu mmodzi akhoza kuphedwa. Ngakhale ku Namibia agalu ambiri ogwira ntchitoyi amafa asanakalambe, ena polumidwa ndi njoka, ena pogundidwa ndi galimoto, ena kuphedwa ndi eni ake atayamba kuvuta. Galu amathandiza pomwe pali khola lolimba, lokwera kapena lotchingidwa bwino, ndi mbusa amene amawerenga ziweto zake madzulo.

Malo omwe ndikuona kuti galu wamkulu ngati Kangal angakhale ndi tanthauzo kuno ndi ochepa: mafamu aakulu okhala ndi mpanda, a mbuzi kapena nkhosa zambiri, okhala ndi wantchito wokhazikika komanso dokotala wa ziweto wofikirika. Madera oyandikana ndi nkhalango nawo ndi ofunika kuwaganizira, makamaka pano pomwe African Parks idabweretsanso akakwiyo ku Liwonde mu 2017 ndi ku Majete mu 2019, ngakhale malo awiriwa ali ndi mipanda yamagetsi. Kumeneko zikadakhala bwino mabungwe osamala zachilengedwe ndi alangizi a ziweto akadayesa kaye njira ya ku Botswana pa makola ochepa, ndi agalu achikuda obayidwa katemera komanso ofulidwa, n'kulemba bwinobwino kuti mbuzi zingati zidagwidwa chaka chisanafike galu ndi chaka chotsatira. Ophunzira za ziweto ku Bunda akhoza kuigwira ntchito imeneyi.

Kumbali ya m'tauni, makhonsolo ali ndi mphamvu zokhazikitsa malamulo a kasungidwe ka agalu, ndipo sakuyenera kudikira maliro kuti awagwiritse ntchito. Woweta agalu akuluakulu kuti azigulitsa alembetse, aonetse komwe agalu ake adachokera, ndipo kamwana kalikonse kazichoka ndi khadi la katemera. Wogula naye asanatumize ndalama apite yekha kukaona komwe tianato tikugona. Ngati akufunira mbuzi, tiana timeneto azitipeza tili m'khola la mbuzi, tikununkha mbuzi.