Mlonda wakale musamuchotse usiku



Lachiwiri lapitali ndinaperekeza azakhali anga kukaoda shuga, sopo ndi mafuta ophikira pasitolo ina yaikulu ku Limbe. Katundu anali mbwee m'mashelefu, ndalama azakhali amanga pachitenje, koma atsikana ogulitsa angokhala ndwii. "Pepani mayi, netiweki palibe." Tinadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo. Azakhali anabwerera chimanjamanja, benchi yawo n'kukhala yopanda kanthu tsiku lonse.

Poti mtolankhani sagona ndi funso m'mimba, ndinazemba kukacheza ndi mnyamata wokonza makompyuta pamalopo. Akuti magetsi analipo, intaneti inalipo. Vuto linali lakuti anasintha mlonda.

Mlonda wake uti? Mvetserani. Pakampani pamene pali makompyuta ambiri pamakhala kompyuta imodzi yaikulu, seva, imene akatswiri amati domain controller. Iyoyo ili ngati mlonda wa pageti wogwira kaundula. Imasunga maina a antchito onse, mapasiwedi awo, ndi zimene aliyense aloledwa kutsegula. Wogulitsa akafuna buku la mitengo, kompyuta yake imayamba yafunsa mlondayo. Mlonda akapanda kuyankha, basi, malonda aima.

Kusintha mlondayo si kulakwa ayi. Wakaleyo ankayendera Windows Server 2012, ndipo kampani ya Microsoft inasiya kupereka zigamba zaulere zotsekera akuba pa pulogalamu imeneyi pa 10 Okutobala 2023. Ya 2008 inasiyidwa kale pa 14 Januwale 2020. Makina opanda zigamba ndi nyumba yopanda loko. Mu Meyi 2017 kachirombo ka WannaCry kanalowa m'makompyuta osamatidwa zigamba, mpaka zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Ngati zinawaonekera a ku Britain, nanga ife ndani?

Pamene panalakwika ndi apa. Bwana atagula seva yatsopano, analamula kuti yakaleyo izimitsidwe usiku womwewo. Phuma! Mlonda watsopano anafika pageti alibe kaundula, alibe makiyi.

Mnyamata uja akuti ntchitoyi ili ndi njira yake. Poyamba mumakopera kaundula yense n'kumusunga padera. Kenaka seva yatsopano imalumikizidwa yakale ikadayaka, ziwirizo n'kumagwira ntchito limodzi mpaka maina onse atasamukira. Pali maudindo apadera 5 amene yakale imayenera kupatsira yatsopano. Makompyuta onse amauzidwanso keyala ya mlonda watsopano, apo ayi azingogogoda pakhomo pa wakale. Zikatero mumazimitsa yakale masiku angapo kuti muone ngati pali chodandaula. Pakakhala bata, mumaiyatsanso n'kuitula paudindo mwadongosolo. Ndipo anzeru amasunga alonda awiri nthawi zonse, wina akadwala mnzake agwirizire. Kuthamanga sikufika, anatero akuluakulu.

Mwina mukuti, "Iwe mwana, ife ogulitsa tomato ndi usipa zikutikhudza chiyani?" Zikukukhudzani, amayi ndi abambo. Kumene mumaoda katundu, kubanki, ngakhale ku SACCO kumene mumasunga kangachepe kanu, ambiri amadalira mlonda wotereyu. Iye akagwa, amene amagona ndi njala ndinu, osati bwana.

Choncho pamsonkhano wapachaka wa SACCO yanu imikani dzanja. Funsani kuti seva yathu ndi ya chaka chanji, zilipo zingati, ndipo kope la kaundula limagona kuti. Ndalamazo ndi zanu, musachite manyazi. Safunsa anadya phula.

Kwa inu mabwana a masitolo, chonde, ntchito yotereyi muzigwira Lamulungu, osati pamapeto a mwezi, ndipo muzimata chidziwitso pakhomo sabata ikadalipo. Ya minibasi imene azakhali anataya tsiku lija abweze ndani?

Tionana sabata yamawa, akalola Mwini moyo.