Bowa akutha limodzi ndi mitengo ya ku Mvai

Mvula ikakhazikika, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, msewu wa M1 m'boma la Ntcheu umasanduka msika wa bowa. Amayi ndi ana amandandalika mbale za ndelema, utale ndi manyame m'mbali mwa msewu, kudikira magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Iyi ndi miyezi imene m'nkhokwe zambiri mumakhala mulibe kanthu. Bowa ndiye ndiwo, ndiyenso ndalama ya ufa, mchere ndi makope a ana asukulu. N'chifukwa chake kutha kwa nkhalango za Mvai ndi Dzonzi sitikuyesa nkhani ya alangizi a zankhalango okha.

Ambiri a ife timayesa kuti bowa amangomera paliponse pamene pagwa mvula. Si choncho ayi. Utale umamera pachulu chifukwa chiswe ndicho chimaulima pansi. Manyame ndi ndelema moyo wake uli pa mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku. Timaulusi ta bowa timakulunga mizu ya mtengo, n'kumaupatsa madzi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo mtengowo umabwezera chakudya chimene masamba ake apanga. Mtengo ukafa, bowa wakenso amatha. Bowa woyera amene ena amalima m'nyumba ndi wamtundu wina. Manyame salimidwa chotero.

Ngakhale kwa azungu zili chimodzimodzi. M'nkhalango za ku Ulaya muli bowa wotchedwa Hydnum repandum, wokhala ndi timinga tofewa kunsi kwa chipewa chake. Pamodzi ndi nzeru zawo zonse, amakamuzulabe kutchire. Ku Finland lamulo limalola munthu aliyense kuzula bowa m'nkhalango.

Kwathu kuno nkhwangwa ya makala yasandutsa nkhalango kukhala bowa bwanga. Wootcha makala amalandira ndalama yake kamodzi, pamene mayi amene ankazula bowa pansi pa mtengo womwewo waluza ndiwo za zaka zonse zotsatira. Tisafulumire kumuweruza wamakalayo, pakuti nayenso ndi mmphawi, ndipo makala akewo amakapsa pa mbaula zathu za m'tauni, mwinanso m'makhitchini a maparishi. Chenjezo tinalandira kale mu 2018, pamene damu la Mpira, limene madzi ake amachokera m'mapiri a Mvai, linaphwa, ndipo mipopi ya ku Ntcheu ndi ku Balaka inauma.

Boma linakhwimitsa zilango za makala pokonzanso lamulo la zankhalango mu 2020. Koma kulanda matumba ndi njinga pamsewu kumachitika mtengo utagwa kale. Mbali ya lamulo imene ife tikuiona yothandiza ndi yakale, ya mu 1997, yolola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo ndi makomiti oziyang'anira, komanso kugwirizana ndi boma posamala nkhalango zotetezedwa. M'makomiti otere mawu a amayi ozula bowa ayenera kumveka poyamba. Iwo ndiwo amadziwa mtengo umene pansi pake pamamera manyame, ndiwonso amasiyanitsa bowa wodyedwa ndi chirombo chimene chingathe banja lonse usiku umodzi. Nzeru imeneyi mwana amaiphunzira potsatira amayi ake kutchire, ndipo tchire likatha alibe koiphunzirira.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti kuwonongeka kwa chilengedwe kumayamba kupweteka osauka. Maparishi a Dayosizi ya Dedza, monga Nzama, Nsipe ndi Tsangano, ali ndi malo komanso miphakati yofika m'mudzi uliwonse. Nyengo yobzala mitengo ikafika timakonda kugawa mbande za bulugamu n'kujambulitsa zithunzi. Bulugamu ali ndi ntchito yake ya milimo ndi nkhuni, koma sitingamudalire kuti abweze ndelema. Zitsa za mombo ndi tsamba zimaphukanso zokha ngati tazitchinjiriza ku moto wolusa ndi ku mbuzi. Parishi iliyonse ingathe kupatula kachigawo ka malo ake kumene kuli zitsa zotere, n'kupempha mphakati wapafupi kuti uzilambula m'mbali mwake chilimwe chisanafike.