Amayi anabwera kuchipatala, nanga tikuwamvera?

Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kubereketsa. Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma m'midzi yambiri mafumu anaika malamulo awo: mayi akachilira kunyumba kapena panjira, banja lipereke mbuzi kapena ndalama. Pamene Joyce Banda anakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino mu 2012, Inkosi Kwataine wa ku Ntcheu ali patsogolo, zidikiro zinamangidwa pafupi ndi zipatala.

Phindu linaoneka. Kafukufuku wa boma anapeza kuti mu 1992 ana 55 mwa 100 ankabadwira kuchipatala. Pofika 2015-16 anali 91. Imfa za amayi pa ana 100,000 obadwa amoyo zinatsika kuchoka pa 984 mu 2004 kufika pa 439 mu 2015-16. Zimenezi sitingazipeputse. Koma tisadzinamize: ena mwa amayiwa anabwera poopa chindapusa, ndipo chizolowezi cholamula mayi woyembekezera chinalowa nawo limodzi m'chipinda chochilira.

M'menemo mayi amauzidwa kugona chagada, ngakhale thupi lake likufuna kunjuta kapena kugwada. Apongozi kapena mwamuna wake amatsala pakhonde. Ena amachekedwa njira osauzidwa chifukwa. Chonsecho bungwe la WHO linanena mu 2018 kuti mayi akhale ndi womuperekeza amene wamusankha yekha, ndiponso asankhe kakhalidwe kake pobereka. Zopempha ngati izi sizipha munthu. Kukaniza mayi zinthu zotere n'kumene kumamuchititsa kuti pa mimba yotsatira adikire mpaka matenda atakula, adzafike mutu wa mwana ukuoneka kale.

Pali zosankha zina zolemera. Mayi wamwa mwanamphepo kuti matenda afulumire, chiberekero chili pafupi kuphulika. Wina magazi akuthamanga kwambiri koma akukana kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha boma. Wina akukana opaleshoni mpaka mwamuna, amene ali ku Joni, avomere. Apa mzamba wa kuchipatala sangangoti "zili kwa inu, mayi" n'kusamba m'manja. Anaphunzira, amadziwa chimene kuchedwa kwa ola limodzi kungachite, ndipo zikavuta ndi iye amene amakayankha ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Udindo wake ndi kunena choopsacho mosabisa, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao chimene mayiyo akumva, kuitana wamkulu wake, ndi kulemba zonse m'failo. Kukalipa ndi kumenya mbama pantchafu si mbali ya udindowo. Ndipo chilolezo cha opaleshoni ndi cha mwini thupi. Achibale angathandize kuganiza, koma asamuyankhire.

Komanso sitingauze mzamba kuti azikambirana bwino ndi mayi aliyense pamene usiku ali yekha, amayi angapo akubuula nthawi imodzi, magetsi azima ndipo ambulansi ilibe mafuta. Mwamuna sangalowe m'chipinda momwe akazi a eni ake ali mbulanda popanda makatani.

Choncho m'zaka zikubwerazi Unduna wa Zaumoyo ulembe ntchito azamba ophunzira kale amene akhala kunyumba, utchinge mabedi, ndipo nkhani ya opaleshoni, womuperekeza ndi mankhwala achikuda izikambidwa kusikelo mimba ikadali yaing'ono, osati ululu utafika. Mafumu nawo aunikenso zindapusa zawo. Mayi wochilira panjira chifukwa mtsinje wadzaza sanasankhe chilichonse.