MOWA WABWINO UMAYAMBIRA M'NKHOKWE

Nyengo yokolola ikatha, m'midzi ya ku Nkhamanga, ku Hewe ndi m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi mbiya zimabwerera pamoto. Mabanja ambiri amafulula mowa, umene Atumbuka amautcha phere, osati wogulitsa ai, koma wocherezera alendo, wothokozera anthu amene adathandiza pa dima, kapena wokondwerera ukwati. Ife sitikuona cholakwa pa mwambo umenewu. Chimene chikutidetsa nkhawa ndi mbeu zimene ena amathira m'mbiyamo.

Luso la amai ofulula si lofunika kulipeputsa. Iwo amaviika mawere kapena chimanga, nkuvundikira mpaka zitamera, kenaka nkuyanika ndi kusinja kuti apeze chimera. Chimeracho ndicho chimatsekemeretsa phala. Likamwedwa msanga ndi thobwa. Likasiyidwa masiku angapo kuti lisase, ndiye mowa wa masese. Pamene fakitale ya Carlsberg inkatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, luso limeneli linali litakhazikika kalekale m'midzi yathu, ndipo mpaka lero silinafe.

Koma pali chizolowezi china chimene chiyenera kutha. Posankha chimanga, chabwino chimapita ku nsima, pamene chowola ndi chachuku chimaikidwa padera, amati ncha mowa. Anthu amakhulupirira kuti moto umapha zonse. Maganizo amenewa ngolakwika. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satheratu ngakhale phala libwate nthawi yaitali. Poizoniyu saoneka ndi maso ndipo samveka pakamwa, koma akamalowa m'thupi pang'onopang'ono amaononga chiwindi, mwinanso kuyambitsa khansa.

Izi si zoopseza chabe. Mu 2011 akatswiri a sayansi a m'dziko muno adafalitsa zotsatira za kufufuza kwao, kumene kudapeza poizoniyu mu chimera cha mapira ndi mu mowa wa masese m'Chigawo cha Kumwera. Chuku sichidziwa malire a zigawo. Chimera choyanikidwa pansi pachinyontho, kapena chosungidwa chisanaumitsitse, chingachite chuku ku Bolero monga momwe chingachitire ku Nsanje. Tikumbukirenso kuti chimera chomwecho ndicho chimalowa mu thobwa, limene amamwa ana asukulu ndi amai oyamwitsa.

Nchifukwa chake tikupempha alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo m'boma la Rumphi kuti, mothandizana ndi mafumu, afikitse uthenga uwu pa misonkhano yao: mbeu yosayenera nsima siyeneranso mowa. Chimera chiyanikidwe pamphasa kapena pathandala mpaka chiumitsitse, chisungidwe pouma, ndipo chikayamba fungo la chuku chitayidwe. Kutaya lichero limodzi la chimanga nkopepuka kusiyana ndi kusamala wodwala chiwindi.

Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yao. Pophunzitsa za kumera kwa mbeu, palibe chitsanzo choposa chimera, chimene mwana aliyense wakumudzi adachionapo pabwalo la kwao. Mwana akamvetsa chifukwa chimene njere yachuku ili yoopsa, uthengawo ukafika kwa amai ake tsiku lomwelo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wofulula aliyense adzifunse asanatereke mbiya: kodi chimanga ichi ndingaphikire ana anga nsima? Ngati yankho ndi lakuti iai, asachipereke kwa alendo ake m'chipanda.